Buku la Alamu la ku Joni

Mpaka lero ndikamva munthu akutama buku, mtima umandiwawa. Ndimayamba ndamufunsa ngati waliwerenga yekha kapena wangomva kwa anzake, ndipo ambiri amayankha mozungulira. Adzukulu anga amati ndine nkhalamba yaukali. Sindikana. Ukali umenewu ndinautola kumudzi kwathu, kumapiri a ku Neno, zaka zingapo nkhondo yaikulu ya azungu itatha, pamene alamu anga anabwera kuchokera kumigodi ya ku Joni ali ndi buku m'sutikesi.

Alamu amenewa anali amuna a achemwali anga aakulu. Kwathu mwamuna amakhala kwa mkazi, choncho nyumba yawo inali pafupi ndi yanga, kuseri kwa nkhokwe ya amayi. Anapita ku Joni mwana wawo akuyamwa, n'kubwera mwanayo akuthamanga kale. Zaka zonsezo achemwali ankalima okha, denga likadontha n'kumapempha amuna a eni kuti awafolerere, ndipo sanayang'aneko mwamuna wina. Tsiku limene alamu anafika, achemwali analulutira mpaka mawu kusasa.

Anabwera ndi jekete lalitali, chipewa cha nthenga, mabulangete, njinga, ndi chilankhulo chija cha kumigodi chimene ankakalipira nacho ngakhale nkhuku. Koma chimene chinatchuka kuposa njinga chinali buku. Linali la Chingerezi, lonenepa ngati njerwa, mapepala ake achikasu. Pachikuto panali dona wa tsitsi lofiira lofika m'chiuno, diresi litatsetsereka paphewa, atagwa chagada m'manja mwa bwana wa nsapato zazitali, mkono umodzi atauika pamphumi. Alamu ankalikulunga m'kansalu ngati mankhwala. Masana akapita kukasewera bawo pansi pa mkuyu ankalitulutsa pang'ono, amuna n'kuunjikana, iwo n'kulibweza m'thumba la jekete. Ankati ku Joni boma linaliletsa. Ankati kukomponi kwawo, kumene ankagona ogwira ntchito m'migodi, amuna ankamenyana polimbirana. Ankati muli zinthu zimene madona amachitira amuna kuchipinda, zoti akazi akuno sanazilotepo.

Nkhani ya bukuli inakula kuposa bukulo. Pofika pachitsime inali itanenepa kale. Wina ankati mwamuna wa ku Luwani anangoona tsamba limodzi n'kuiwala njira ya kwawo. Wina ankati ukagona utalitsamira umalota madona okhaokha. Amuna a ndevu zawo, ena akuluakulu a mpingo, ankayenda mtunda kuchokera kutsidya la Lisungwi kudzapempha kuti aligwireko. Kuligwira basi! Pa bawo paja panalibe ndi mmodzi yemwe wotha kuwerenga mzere wa Chingerezi, koma aliyense ankabwerera kwawo akupukusa mutu ngati waona zoopsa.

Zikanathera pa bawo pomwepo ndikanangoseka. Koma zinalowa m'nyumba. Achemwali anali mkazi wa mphini pamimba ndi mikanda m'chiuno, wolangizidwa bwino ndi anamkungwi, ndipo alamu asanapite ku Joni sankadandaula kanthu. Tsopano zonsezo zinasanduka zachimidzi. Mikanda akuti imawasokosa. Achemwali anaivula n'kuibisa mumphika wosweka, koma sizinathandize. Alamu ankangoti, "Ukanaona zimene amachita dona wa m'buku langa, ukanachita manyazi." Achemwali akafunsa kuti amachita chiyani, iwo ankaseka n'kuyang'ana kukhoma, amvekere, "Sungamvetse." Kenako anayamba kunena zobwerera ku Joni, kuti kumeneko n'kumene kuli akazi odziwa. Aliyense ankadziwa kuti mtchona akanyamukanso ndi mawu otere ndiye wapitiratu.

Ine nthawi imeneyo ndinali pabanja, khanda kumsana, amuna anga akugwira ntchito kuminda ya tiyi ku Thyolo. Mwa atsikana a m'mudzi mwathu ndine ndekha ndinakhalitsa kusukulu ya mishoni, chifukwa mwendo wanga wina unali wofooka ndipo abambo anati kumunda ndingowachedwetsa. Chingerezi ndinkawerenga mokoka, ngati ngolo pachitunda, koma ndinkawerenga.

Inali nyengo yozizira, tirigu atayamba kucha, ndipo masana onse ine ndi achemwali tinkakhala kumunda kuingitsa mbalame. Kwawo kwa alamu kunagwa maliro, iwo n'kupita kukakhala masiku angapo. Buku anasiya m'sutikesi, poti kumaliro sakanapita nalo. M'mawa mwake tili kumunda, achemwali anavundukula dengu n'kutulutsa kansalu kaja.

"Iwe, undiwerengere."

"Achemwali! Akadziwa alamu mutani?"

"Adziwa bwanji ali kumaliro? Ndikufuna ndimve zimene amachita donayu. Ngati ndi zotheka munthu kuchita, nanenso ndichita. Sindikufuna bambo a mwana apite."

Ndisaname, nanenso ndinkafunitsitsa kudziwa. Ndinasuzumira uku ndi uku, ndinatsitsa khanda pansalu, n'kutsegula bukulo pang'onopang'ono ngati mutuluka njuchi. Tinagwirizana kuti ndiziwerenga chamumtima kenako ndiziwafotokozera m'Chinyanja.

Masamba oyamba ankanena za nyumba. Nyumba ya zipinda zambirimbiri, makatani ake, mipando yake, ndi mvula imene inkagwa panja. Ndinati kapena wolembayo akuyamba wasesa kaye pabwalo. Kenako kunabwera diresi. Litatha limenelo kunabwera diresi lina, la mabatani ambiri, ndipo batani lililonse analifotokoza. Dona uja ntchito analibe. Sankasinja, sankatunga madzi, sankabereka mwana. Tsitsi ankamupesa ndi wantchito, nsapato ankamumanga ndi wantchito wina. Iye yake inali kuima pawindo n'kumausa moyo.

Achemwali ankangondigwedeza paphewa.

"Kodi afika kuchipinda?"

"Ayi, akumwa tiyi."

"Tiyi yemwe uja?"

"Ayi, uyu ndi wa tsiku lina."

Tinatha masiku tikumwa nawo tiyi anthu amenewa. Mbalame zinaona kuti alonda ali kusukulu, zinadya tirigu wa kumapeto kwa munda mpaka kutsala mapesi, ndipo amayi anatilalatira ngati ana. Chimenecho ndi chinthu choyamba chimene bukulo linatilanda.

Ndiye panabwera bwana uja. Ndinali nditamudikira ngati mvula yoyamba, koma atafika ndinafuna kumuthira madzi otsukira mbale. Munthu wamwano, wosapereka moni, wosaseka, wongoyenda pakavalo n'kumakalipira antchito. Kwathu mkamwini wotere sakanakolola kawiri. Atakumana ndi dona uja anamunyoza pamaso pa alendo. Tsiku lina anamugwira pamkono mwamphamvu mpaka kutupa. Ndinati tsopano akuwa, kapena athamangira kwa amalume ake. Ayi ndithu. Akuti mtima wake unagunda, mawondo analefuka, maso anachita mdima, n'kukomoka. Bwana anamuwakha asanafike pansi, n'kumunyamula kukamugoneka pampando wautali. Pamenepo wolembayo akuti chikondi chayamba.

Tsiku lina tinafikadi kuchipinda kuja. Ndinaona kuti chitseko chatsekedwa, ndinauza achemwali kuti asendere pafupi, ndipo ngakhale kumunda kunalibe munthu ndinatsitsa mawu. Ndinawerenga. Panali moto woyaka m'mitsempha. Panali mafunde aakulu, mphepo yamkuntho, mabingu, ndi nyenyezi zikuthothoka. Ndinabwereza tsambalo kufuna kudziwa kuti dzanja la ndani lili pati, koma sindinapeze. Ndinayamba kuganiza kuti mwina denga lasasuka ndipo anthuwo akunyowa. Chimene ndinatolapo n'choti dona uja anangogona ngati chipika n'kumalira kuti akufa. Kwathu mkazi wotere amabwezedwa kwa anamkungwi kuti akamulangizenso. Zimene azimayi aja anatiuza tsiku limodzi kuseri kwa mudzi zinali zambiri kuposa buku lonselo, ndipo iwo chinthu ankachitchula ndi dzina lake.

Ndinapitirizabe mpaka kumapeto, poganiza kuti nyama aibisa pansi pa mphika. Chitseko chinatsekedwanso kangapo, ndipo nthawi zonse kunkagwa mvula yomwe ija ndi mabingu omwe aja. Pomaliza anakwatirana, bwana adakali wamwano, dona adakali pawindo. Ndinaliponya muudzu bukulo. Ndinakwiya mpaka misozi, chifukwa cha tirigu wathu, chifukwa cha mikanda ya achemwali imene inali mumphika, ndi chifukwa cha amuna onse aja oyenda mitunda kudzagwira zopanda pake.

"Achemwali, mulibe kanthu umu. Inuyo mumadziwa zambiri kuposa donayu."

"Nanga bwanayo amamukonderanji?"

"Kaya! Chimene amadziwa n'kukomoka basi. Akamugwira wakomoka, akamupsompsona wakomoka, akamva kavalo panja wakomoka."

"Ndiye akakomoka, bwanayo amatani?"

"Amamunyamula, n'kumamupukuta pamphumi, kumutchula mayina okoma, kulumbira kuti samusiya."

"Eti? Kuti samusiya?"

Achemwali anathyola ngala ya tirigu n'kumaifikisa m'manja. Ine ndinayesa agwa ulesi ngati ine. Anatola bukulo, analikulunganso bwinobwino, madzulo n'kukalibweza m'sutikesi.

Alamu anabwerako kumaliro. Zimene zinachitika koyamba sindinazione, achemwali anandiuza pambuyo pake. Akuti tsiku lina ali awiri m'nyumba alamu anawagwira padzanja kuti apatuke pakhomo, iwo n'kudzigwetsa pamphasa, maso tseke. Alamu anachita mantha. Anawathira madzi kumaso, anawagwedeza, akuitana kuti, "Mayi a mwana, mayi a mwana!" Tsiku limenelo anakatola okha nkhuni, mawa lake n'kupalasa njinga kukawagulira shuga kusitolo. Za ku Joni sanatchulenso sabata yonse. Achemwali anaona kuti mankhwala agwira, ndipo munthu akaona mankhwala akugwira amafuna kuonjezera.

Kachiwiri zinachitika panja, masanasana. Mlongo wawo wa alamu anali atabwera kudzacheza, atakhala pakhonde akusenda mbatatesi. Achemwali anali pamtondo akusinja. Alamu anabwera kuchokera ku bawo, nkhope itachita tsinya poti anadyedwa, n'kuwagwira pamkono kuti awafunse za madzi osamba. Achemwali anasiya munsi, anafuula pang'ono, anatembenuza maso, n'kudziponya chagada kumene kunaima amuna awo. Bwana wa m'buku amawakha. Alamu anga analumphira kumbuyo ngati aponda njoka. Achemwali anamenyetsa mutu pamtondo, anadziluma lilime, magazi osakanikirana ndi malovu n'kutuluka pakamwa.

Mlongo uja anataya mpeni n'kukuwa, "Khunyu! Thawani, khunyu!"

Masiku amenewo anthu ankakhulupirira kuti khunyu ndi yopatsirana, kuti ukakhudza malovu a munthu amene wagwa, kapena kupuma mpweya wake, nawenso uyamba kugwa. Azimayi anatola ana awo n'kuthawa. Ine ndinamva phokoso ndili m'nyumba mwanga, n'kutuluka ndikutsimphina. Ndinapeza achemwali ali okhaokha pakati pa bwalo, nkhuku zikutola chimanga chimene chinatayika. Munthu wa khunyu ndinamuonapo kusukulu, amaphiriphitha ndipo thupi limauma. Achemwali anagona mwadongosolo, miyendo pamodzi, mkono umodzi pamphumi, zikope zikuphethira. Ndinangoona mkonowo n'kudziwa zonse.

Ndinagwada n'kuwanong'oneza, "Dzukani, achemwali. Sabwera."

Osatsegula maso anafunsa, "Ali kuti?"

"Ali kuseri kwa khola. Atseka mphuno ndi chipewa."

Tsiku lomwelo alamu anapita kwawo ndi mlongo wawo, osatenga ngakhale sutikesi, buku lija lili momwemo. Mudzi unasintha ngati wagwa chisanu. Azimayi amene ankasinja ndi achemwali chiyambire utsikana anayamba kusinjira kwina. Pachitsime ankadikira patali mpaka achoke. Kutchalitchi ankakhala okha pampando wonse, ine ndi amayi m'mbali mwawo basi. Mwana wawo ankabwera akulira kuti anzake amuthamangitsa pamasewera.

Ndinawakalipira achemwali anga aakulu, chinthu chimene ndinali ndisanachitepo. Ndinawauza kuti dona uja amagwera pakapeti ndipo iwo amagwera pamtondo. Ndinawauza kuti ayime pabwalo anene zoona. Iwo anandigwira miyendo kuti ndisaulule. Akanena kuti anachita dala, mudzi wonse udziwa kuti mayi wamkulu anaba buku la zolaula m'sutikesi n'kumadzigwetsa kuti mwamuna amukonde, ndipo kumpingo atidula tonse awiri. Akakhala chete, ndiye ndi wakhunyu. Ankangoti bambo a mwana akapsa mtima n'kuphwa abwera okha, poti tsiku lija la shuga anaonetsa kuti amawakonda.

Sanabwere. M'malo mwake kunabwera uthenga woti ankhoswe akumane. Tinakhala m'mawa pakhonde la amalume, ife mbali ino, a kuchimuna mbali inayo, ndipo iwo anakhala motalikira ndithu kuti mphepo yochokera kwa achemwali isawafike. Alamu anavala jekete lija. Nkhoswe yawo, bambo wachikulire wa mawu ofatsa, inati ife tinawabisira matenda pomanga banja, ndipo mwana wawo sangapitirize kugona m'nyumba imodzi ndi munthu wakugwa. Amalume analumbira kuti kumtundu kwathu khunyu kulibe. Mlongo uja anati anaona ndi maso ake, magazi ndi thovu lomwe. Alamu anaonjezera kuti aka n'kachiwiri, koyamba anangobisa chifukwa cha chisoni.

Pamenepo achemwali anaona kuti banja likupita. Anasendera kutsogolo chogwada, maso pansi.

"Amalume, ine sindidwala. Ndinachita dala."

Onse anawacheukira, iwo n'kupitiriza.

"Bambo a mwana ankati sindidziwa zimene amadziwa dona wa m'buku lawo. Ndinatenga bukulo, mng'ono wangayu anandiwerengera. Donayo amakomoka, ndiye mwamuna wake amamukonda. Nanenso ndimafuna andikonde, basi."

Sindinaonepo munthu akudzivula pagulu ngati mmene anachitira achemwali m'mawa umenewo. Nkhoswe ija inati nkhani yotere siimveka, wodwala aliyense akhoza kupeka bodza kuti asunge banja. Ndinadzuka, ndinapita kunyumba kwa achemwali, ndinatsegula sutikesi ija popanda kupempha munthu, n'kubwera nalo bukulo. Ndinawaonetsa kaye chikuto, dona atagona ndi mkono pamphumi, n'kufunsa mlongo uja ngati si mmene anagonera achemwali pabwalo. Anayang'ana kumbali. Kenako ndinatsegula n'kuwawerengera mokweza, ndikumasulira mzere ndi mzere. Ndinawerenga pamene dona akomoka koyamba. Ndinawerenga pamene akomokanso. Amalume atati tamvetu za kuchipinda zimene zinasokoneza mudzi, ndinawawerengera mafunde aja, mabingu ndi nyenyezi.

Nkhoswe ija inayamba kutsokomola. Amalume anadikira, n'kufunsa, "Basi?"

"Basi, amalume."

"Palibe zina kutsogoloko?"

"Kutsogoloko akumwa tiyi."

Anthu anaphulika kuseka, ndi a kuchimuna omwe. Pomwepo n'kuti kuseri kwa mpanda kutadzaza anthu omvetsera, ndipo nakonso kunamveka chikhakhali. Amalume atapukuta misozi anatembenukira kwa alamu.

"Kodi bambo, zija mumauza anthu pa bawo zili patsamba liti? Mwanayu atiwerengere."

Alamu anayang'ana nsapato zawo. Anayankha motsitsa kuti kukomponi kunali kalaliki wina amene ankawafotokozera za m'bukumo akaweruka, ndipo pobwera kuno anamugula bukulo. Iwo eni anali asanawerengepo ngakhale liwu limodzi. Mwamuna ameneyu anazunza mkazi wake miyezi yonse ija pomuyerekeza ndi dona wa m'mutu mwa kalaliki wosungulumwa wa kumigodi. Ndinafuna kumugenda nalo kumaso.

Komabe mumtima ndinati tapambana. Matenda palibe, bodza laululika. Nkhoswe yawo yomwe inati ngati zili choncho mlandu palibe, mwana wawo abwerere m'nyumba, ndipo anthu awiriwa akasekere limodzi uchitsiru wawo. Achemwali anadzutsa mutu kwa nthawi yoyamba, nkhope ikuwala.

Alamu anaimirira n'kukonza jekete.

"Mkazi uyu wandiyalutsa. Wanditsegulira sutikesi, wandinamiza kawiri, lero wandisekesa ndi mudzi wonse. Ine ndikhala bwanji pano? Ndikakhala pa bawo ndi ndani?"

Amalume anayesa kuwaletsa, nkhoswe yawo inayesa, koma munthu anali atatsimikiza. Khunyu akanatha kuithawa, anthu n'kumumvera chisoni. Kusekedwa ndi kumene sakanapirira. Achemwali anakwawa n'kuwagwira mwendo, akulira kuti, "Bambo a mwana, ndinachitira inu." Tsiku limenelo ndi limene munthu akanakomokadi, koma achemwali sanakomoke, anaona zonse ndi maso awo. Alamu anasolola mwendo, n'kubwera pamene ndinakhala ine, dzanja atatambasula.

"Alamu, ndipatseni buku langa."

Ndinawapatsa. Anapukuta chikuto ndi mkono wa jekete, pamene panadetsedwa ndi zala zanga, n'kuliika m'thumba mosamala. Mkazi amene anawadikira zaka zonse zija anamusiya ali chigwadire pafumbi. Madzulo anatuma munthu kudzatenga sutikesi ndi njinga, ndipo mwezi usanathe tinamva kuti akwera ulendo wa ku Joni. Sanalembe, sanatumize kanthu, sitinawaonenso.

Kumpingo anatiimitsa tonse awiri kudya mgonero kwa nyengo, chifukwa chowerenga zonyansa. Mkulu amene analengeza zimenezi anali mmodzi wa aja ankapempha kuligwira pansi pa mkuyu. Ndinamuyang'ana m'maso mpaka anasokoneza mawu. Zonyansazo ndikanakonda ndikanazipezamo, bwenzi chilangocho chili ndi phindu.

M'mudzi mwathu anthu anaseka, kenako anaiwala, ndipo azimayi anabwerera kudzasinja ndi achemwali. Koma mawu aja anakuwa mlongo wa alamu anali atawoloka kale mitsinje. Kumidzi yakutali anamva zoti kwakutikwakuti kuli mayi wakhunyu amene mwamuna anamuthawa. Zoti anachita dala sizinafikeko, ndipo kumene zinafika anthu ankati n'zimene amanena achibale pobisa matenda.

Patapita zaka, bambo wina wa cha ku Matandani amene mkazi wake anamwalira anaona achemwali pamsika akugulitsa manachesi, n'kuwafuna. Anali munthu wofatsa, wa ng'ombe zake, ndipo achemwali anayambanso kudzola mafuta ndi kuimba posinja. Bamboyo anatuma mlongo wake kuti adzaone pakhomo. Mayiyo anafika masana dzuwa likuswa mtengo, atayenda mtunda wautali, milomo itauma. Achemwali anamuyalira mphasa, anatsuka chikho, anatunga madzi ozizira mumtsuko n'kumupatsa chogwada. Ine ndinali pomwepo. Mayiyo analandira ndi manja awiri, anathokoza, anayamikira pabwalo kuti m'posesedwa bwino, anafunsa za mvula. Chikho chili m'manja. Achemwali atalowa m'nyumba kukatenga mtedza, mayiyo anapendeketsa chikhocho kumbuyo kwake n'kuthira madzi onse pansi.

Nthaka inali youma, ndipo ponyowapo pankaonekera patali. Achemwali potuluka anapaona. Anaika mtedza pamphasa, anacheza naye mlendoyo mwaulemu mpaka kumuperekeza kunjira. Pobwerera ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe kutukwana, iwo n'kundiletsa ndi dzanja.

"Usavutike, ndaona."

Bambo uja sanabwerenso, ndipo panalibe wina amene anabwera pambuyo pake. Achemwali anakalambira m'nyumba yomwe ija ali okha. Anamwalira tsitsi lonse litayera, asanadwalepo khunyu ngakhale tsiku limodzi.